Kuyenda Pansi ndi Kupalasa Njinga M'nyengo Yotentha: Uthenga kwa Anthu a M'chigawo cha Tete

Kuno kwathu miyendo ndi njinga ndiye galimoto. Wopita kumunda, mwana wa sukulu, bambo wokankha matumba a makala kulowera ku Moatize, onse amadutsa m'tinjira ta m'tchire tsiku ndi tsiku. Mumzinda wa Tete mulinso ena amene ayamba kulawirira kukayenda chifukwa a chipatala anawapeza ndi shuga kapena matenda othamanga magazi. Zonsezi thupi limazifuna. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo ana a zaka 5 mpaka 17 mphindi 60 pa tsiku. Amene mumagwira khasu munakwanitsa kale zimenezi. Nkhawa yathu ili pa dzuwa.

Mu Okutobala ndi Novembala, m'chigwa cha Zambezi mumatentha kupitirira madigiri 40. Nthawi imeneyi milambe imakhala mbee, yopanda tsamba, nayo mitengo ya tsanya imakhala itayoyola, moti munthu ali m'tchire koma mthunzi wousowa. Abale otsika kuchokera ku Angónia ndi Tsangano, komwe kumazizira, ndiwo amagwa msanga, chifukwa thupi limafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowere kutentha. Wapanjinga naye amapusitsika. Kamphepo ka potsetsereka kamaumitsa thukuta, iye n'kumaona ngati zili bwino pamene madzi akutha m'thupi. Tayang'anani malaya ake akafika: kumsana kuli mizere yoyera. Umenewo ndi mchere wotuluka m'thupi.

Musananyamuke

Ulendo wautali uyambe kusanache, ndipo pewani dzuwa la pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana. Imwani madzi muli pakhomo, enanso munyamule, ndipo muzimwa pang'onopang'ono m'njira osadikira ludzu. Akhale owiritsa kapena othira mankhwala ophera tizilombo a Certeza, chifukwa a m'zithaphwi angakupatseni kolera. Mkodzo ndiwo umanena zoona: ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, madzi akuperewera. Valani chipewa cha mlomo waukulu ndi zovala zopepuka, zosathina. Mowa ayi. Ena amati kachasu wa masau amapatsa mphamvu zokwera chitunda, koma chimene amachita ndi kukodzetsa ndi kuphimba zizindikiro zoti thupi lalema.

Dzuwa likamugwira munthu

Poyamba amatuluka thukuta lambiri, mutu umapweteka, amamva chizungulire ndi nseru, akatumba a miyendo amakokana. Apa zinthu zikadali zobwezeka. Mugonekeni pamthunzi uliwonse umene mungaupeze, ngakhale wa chitenje chomangirira pamitengo iwiri, mumasuleni zovala, mukwezeni miyendo pang'ono. Mumwetseni madzi kapena SRO, mankhwala a m'paketi osungunula m'madzi obwezeretsa madzi ndi mchere m'thupi. Ngati paketi ya SRO palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Tsiku limenelo asapitirize ulendo, katundu wotsala pa kaliyala akhale wotsala.

Koma akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira ngati woledzera, kukomoka kapena kuphupha, thupi lili juu, moyo wake uli pachiswe. Musataye nthawi kukangana kuti mwina walodzedwa kapena wamwa. Muthireni madzi thupi lonse, mukupizeni ndi katoni kapena lichero, muikeni nsalu zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, wina akhale akusaka chomutengera kuchipatala. Pitirizani kumuziziritsa m'njira monse. Munthu wokomoka musamumwetse kanthu, angatsamwidwe, mugonekeni cham'mbali. Panado sathandiza pa vuto ili. Ndipo popeza malungo amayambanso ndi mutu ndi kutentha thupi, amene sakupeza bwino ngakhale wapuma ndi kumwa madzi akayezetse magazi tsiku lomwelo.

Musathamangire kudziponya m'dambo kapena mumtsinje kuti muzizidwe. M'madzi odikha muli likodzo, mu Zambezi muli ng'ona.

M'bandakucha muli zakenso

Mukathawa dzuwa mumakumana ndi mdima, ndipo njoka nazo zimayenda nthawi yomweyo. Mphiri imagona pakati pa njira ndipo siithawa ikamva mgugu wa mapazi. Valani nsapato zotseka phazi lonse m'malo mwa mapatapata, nyamulani tochi, musaponde pamene simukuona. Njoka ikaluma munthu, mukhazikeni mtima pansi, muvuleni mphete ndi zibangili malowo asanatupe, mwendo kapena mkono wolumidwawo usagwedezeke, ndipo anyamulidwe, asayende yekha. Musateme mphini pabalapo, musayamwe, musamange ndi lekeni. Lekeni imatseka magazi ndipo ingadulitse mwendo umene ukadachira. Kuthamangitsa njokayo kuti muiphe kumangowonjezera wodwala wachiwiri. Ngati ndi ija yolavulira m'maso, tsukani masowo ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, kenako kuchipatala.

Kanjira kakakutulutsirani mumsewu waukulu, monga wa Tete kupita ku Zóbuè womwe mumadutsa magalimoto akuluakulu onyamula katundu, njinga ikhale ndi nyali kutsogolo ndi chonyezimira kumbuyo. Mabuleki akonzedwe, phazi pa tayala si buleki. Valaninso chipewa cholimba choteteza mutu.

Amayi oyembekezera, agogo athu, ana aang'ono, ndi onse odwala mtima, impso kapena shuga, dzuwa limawafooketsa msanga. Mwana woberekedwa kumsana amatenthedwa kuposa mayi ake, choncho muzimumasula pamthunzi ndi kumuyamwitsa pafupipafupi. Ena mwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi amakodzetsa. Musawasiye panokha, koma funsani anamwino kuchipatala chakwanu kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kuti muziyenda mtunda wotani komanso nthawi yanji. Odwala shuga anyamule kachakudya m'thumba, ndipo pobwera aziyang'ana kuphazi ngati kwalowa minga kapena kwatuluka matuza.