Mmene Akatswiri Amayezera Chiopsezo cha Ngozi za pa Malo Opangira Magetsi a Nyukiliya

Ngozi zikuluzikulu za pa malo opangira magetsi a nyukiliya sizichitikachitika, choncho akatswiri sangadalire ngozi zakale zokha pofuna kudziwa kukula kwa chiopsezo. Iwo amafufuza chimene chingawonongeke, mpata woti chiwonongekedi, ndiponso mmene anthu angavulalire chitawonongeka. Njirayi inatchuka ndi kafukufuku wa mu 1975 amene Norman Rasmussen anatsogolera ku United States, ndipo ngozi ya ku Three Mile Island, m'dziko lomwelo, mu 1979 inaonetsa kuti valavu (chotsekera paipi) imodzi ikakana kutsekeka, ogwira ntchito n'kusokonezeka, mbali ina ya mafuta a nyukiliya ikhoza kusungunuka.

Pa nkhani ya thanzi, akatswiri amaunika kumene mphepo ingaulutsire fumbi lotulutsa cheza choopsa, kumene mvula ingaligwetsere, komanso chiwerengero cha anthu okhala kumeneko. M'fumbili mumakhala zinthu zotulutsa cheza monga ayodini-131 ndi siziyamu-137. Mphamvu ya ayodini-131 imachepa ndi theka pa masiku 8 alionse, pamene ya siziyamu-137 imatenga zaka pafupifupi 30. Komabe ayodini yemweyu, ngakhale sakhalitsa, ndiye anavulaza ana pa ngozi ya ku Chernobyl, m'dziko la Ukraine, mu 1986, chifukwa ng'ombe zinadya msipu woipitsidwa, ana n'kumwa mkaka wake, ndipo ayodiniyo anakaunjikana m'chithokomiro mwawo. Pofika 2005, anthu oposa 6,000 amene anali ana kapena achinyamata pa nthawiyo anali atapezeka ndi khansa ya m'chithokomiro. N'zomvetsa chisoni kuti mkakawo ukanaletsedwa msanga, ambiri akanatetezeka.

Ku Fukushima, m'dziko la Japan, zinthu zinayenda mosiyana pa ngozi ya nyukiliya ya mu 2011. Komiti ya United Nations yofufuza zotsatira za cheza (UNSCEAR) sinapeze matenda oyamba chifukwa cha cheza pakati pa anthu a m'deralo, koma anthu oposa 2,000, ambiri mwa iwo okalamba, anamwalira ndi mavuto obwera chifukwa cha tsokalo ndi kusamutsidwa. Choncho kuwerengera chiopsezo kumene kumaiwala odwala ogonekedwa m'chipatala ndi nkhalamba zosatha kuyenda n'kopereweratu.

Ngozi ikalengezedwa, okhala pafupi alowe m'nyumba, atseke mawindo ndi zitseko, ndipo apewe mkaka ndi ndiwo zamasamba za m'deralo mpaka azaumoyo ataziyeza. Mapiritsi a potaziyamu ayodayidi amateteza chithokomiro chokha, ndipo ayenera kumwedwa pokhapokha azaumoyo atalamula.