Phungu wa ku Rupertsland amene anakana pangano la Meech Lake

Mu Juni 2025 zinakwana zaka 35 chifereni pangano la Meech Lake, lofuna kusintha malamulo aakulu a dziko la Canada, koma anthu amakanganabe kuti analipha ndani. Ambiri amaloza Elijah Harper, phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha Manitoba.

Harper anabadwa mu 1949 ku Red Sucker Lake, mudzi wa eni nthaka kumpoto kwa chigawochi. Anakhala mfumu ya kwawo ali ndi zaka 29, ndipo mu 1981 anapambana mpando wa dera la Rupertsland pa tikiti ya chipani cha New Democratic Party (NDP). Anausunga pa zisankho za 1986, 1988 ndi 1990, ndipo kwa kanthawi anakhalapo nduna m'boma la chigawochi lotsogozedwa ndi Howard Pawley.

Panganolo linapangidwa mu 1987 ndi nduna yaikulu Brian Mulroney pamodzi ndi atsogoleri a zigawo 10, pofuna kuti chigawo cha Quebec chivomereze malamulo aakulu a dziko omwe chinakana mu 1982. Eni nthaka sanaitanidwe n'komwe ku zokambiranazo. Chigawo chilichonse chimayenera kulivomereza pofika pa 23 Juni 1990. Ku Manitoba nthawi inali itachepa kwambiri, moti boma la Gary Filmon linkafunika chilolezo cha aphungu onse kuti lidumphe ndondomeko. Kuyambira pa 12 Juni, tsiku lililonse pempholo likabwera, Harper, atagwira nthenga ya chiwombankhanga, ankangoyankha motsitsa mawu kuti ayi. Mafumu a eni nthaka anali pambuyo pake, khamu litadzaza panja pa nyumba ya malamulo ku Winnipeg. Pa 22 Juni aphungu anabalalika osavota.

A Mulroney anaika mlandu pa Clyde Wells, mtsogoleri wa chigawo cha Newfoundland, amene analetsa voti kwawo tsiku lomwelo. Zili ndi pomveka, koma Wells anatero ataona kuti Manitoba yalephera kale. Onena kuti Harper anakolezera moto wofuna kupatula Quebec akuiwala kuti anthu ake anasiyidwa kunja kuyambira pachiyambi, ndipo iye anangotsata malamulo a nyumbayo.

Harper anatula pansi udindo wa uphungu mu 1992, nalowa chipani cha Liberal, n'kupambana mpando wa Churchill ku nyumba ya malamulo ya dziko lonse mu 1993. Mu 1997 Bev Desjarlais wa NDP, chipani chake chakale, anamulanda mpandowo, ndipo anamugonjetsanso mu 2000. Harper anamwalira ku Ottawa pa 17 Meyi 2013.