Makina atsopano asanakhudze wodwala

Anthu a ku Kasungu akamva kuti kwatuluka makina ozindikira matenda mofulumira, kapena kuti akufuna kwabwino apereka zipangizo ku chipatala, amafunsa kuti: nanga akudikira chiyani osayamba kuzigwiritsa ntchito? Funsoli ndi lomveka, makamaka kwa amene m'bale wake wagonekedwa mu wodi. Ine ntchito yanga ndi yoyang'anira ndi kukonza makina a m'chipatala, ndipo nthawi imene inu mumaiona ngati kuzengereza ndi imene ife timakhala tikufunsa mafunso oteteza wodwalayo.

Timayamba ndi umboni. Wogulitsa aliyense amayamikira katundu wake, choncho mawu ake sitiwawerengera. Timafuna kudziwa ngati chipangizocho chinayesedwa pa odwala enieni, komanso ngati chinaposa njira imene tili nayo kale. Timaona ngati bungwe la WHO linachivomereza, ngati bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno la PMRA lachilola, ndiponso ngati Unduna wa Zaumoyo wachiika m'ndondomeko zake. Chipatala cha boma sichingotola makina pachokha n'kuyamba kuchizira anthu.

Chitsanzo chimene chimandisangalatsa ndi cha makina otchedwa Pumani, othandiza makanda amene akubanika, makamaka obadwa masiku asanakwane. Anapangidwa ndi a Rice University a ku America mogwirizana ndi madokotala a ku Gulupu ku Blantyre, ndipo oyambirirawo ankapopa mpweya ndi timapampu ta m'mabokosi oweteramo nsomba. Asanawatumize m'maboma anayamba awayesa ku Gulupu komweko. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2014 zinaonetsa kuti mwa ana 100 aliwonse oikidwa pa Pumani, 71 ankapulumuka, pamene mwa opatsidwa okosijeni yekha ankapulumuka 44. Umboni umenewu unachokera mu wodi ya ku Malawi, ya anamwino ochepa ndi magetsi ovuta ngati athu, n'chifukwa chake unali wolimba kuposa kabuku kokongola kochokera ku fakitale.

Umboni ukapezeka, pamabwera funso limene ine ndimaliona lalikulu kuposa onse: kodi makinawa adzagwirabe ntchito kuno kwathu pakatha zaka ziwiri kapena zitatu? Taonani GeneXpert, imene WHO inavomereza mu 2010 kuti iziyeza TB. Makhololo akaikidwamo, yankho limatuluka m'maola awiri, ndipo imanenanso ngati kachilomboko sikakumva mankhwala a rifampicin, zomwe maikulosikopu sangathe. Ndi makina abwino zedi. Koma amafuna magetsi osadukizaduka, chifukwa akathima pakati pa ntchito kuyezako kumawonongeka. Amafuna chipinda chosatentha kupitirira madigiri 30, ndipo mukudziwa mmene Okutobala amawotchera kuno, osanena za fumbi. Wodwala aliyense amafunikira cartridge yakeyake (kabokosi kothiramo makhololo kamene kamalowetsedwa m'makinamo), yomwe imachokera kunja ndipo ili ndi tsiku lothera mphamvu. Ndiye powerengera mtengo sitiyang'ana wogulira okha. Timaphatikiza mabatire kapena sola, mafuta a jenereta, masipeya, maphunziro a ogwira ntchito mu labu, ndi ulendo wa katswiri wochokera ku Lilongwe makinawo akafuna kukonzedwa. Zili ngati kulandira ng'ombe yamkaka: ngati mulibe msipu ndi khola, mkakawo simuumwa nthawi yaitali.

Tikatero timadzifunsanso kuti yankho la makinawo lisintha chiyani. Kupeza matenda amene mankhwala ake tilibe, kapena amene wodwala adzatumizidwabe ku Kamuzu Central, nthawi zina sikupindulitsa ngati kugula makina ena a okosijeni ndi ndalama zomwezo. Chisankho chotere chimapweteka, koma thumba ndi limodzi.

Zinthu zikuluzikulu zimayamba kuyesedwa pa malo ochepa. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula pa bwalo la ndege la Kasungu malo oyeserapo ma drone (tindege touluka popanda munthu m'kati), kuti aone mwa zina ngati angathe kunyamula mankhwala ndi magazi okayezedwa. Aneba athu a ku Mchinji anali m'gulu la maboma 11 amene anayamba kupereka katemera wa malungo mu 2019, ndipo WHO inadikira zotsatira za ku Malawi, Ghana ndi Kenya isanalimbikitse katemerayu kwa ana a m'maiko ena mu 2021.

Pamene pamandidetsa nkhawa kwambiri ndi pa mphatso. Makina ogula amadutsa m'masefa onsewa, koma opatsidwa amatha kungofika pa galimoto, ena akale, ena opangidwira magetsi a 110 volts pamene athu ndi a 230, opanda buku la malangizo, opanda kopezera masipeya. Kukana mphatso kumaoneka ngati mwano, ndiye amalandiridwa n'kukatsekeredwa m'chipinda chimene chikanagona odwala. Mipingo, aphungu ndi abale athu okhala ku Joni kapena ku Ulaya amene mukufuna kuthandiza chipatala cha kwanu, yambani mwafika ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu. Funsani chimene chikusowa, tumizani dzina ndi mtundu wa makinawo asanakwere sitima, ndipo pa ndalama zanuzo mupatuleko zogulira masipeya ndi zophunzitsira anamwino amene adzawagwiritse ntchito.