Chingwe chimene chinaduka pa Matterhorn ndi mlandu umene Zermatt sanaiwale

Ukafuna kufika ku Zermatt galimoto umaisiya ku Täsch, mudzi wa makilomita 5 kumunsi kwake, nkukwera sitima, chifukwa mtawunimu magalimoto a petulo ndi dizilo salowa, mumayenda timataxi tamagetsi ndi ngolo za akavalo. Tawuniyi ili kumapeto kwa chigwa ku Valais, kumwera kwa Switzerland, anthu ake amayankhula Chijeremani chawochawo, ndipo ukangotsika sitima nkukweza maso ndi ilo phiri la Matterhorn, lalitali mamita 4,478, losongoka lokhalokha popanda linzake pambali. Amene munadyapo chokoleti cha Toblerone chaka cha 2023 chisanafike chithunzi chake mukuchidziwa.

Lero kumeneku ndi kwa anthu andalama, ena amabwera kudzachita ski, masewera otsetsereka pa chipale chofewa, chaka chonse ngakhale mchilimwe, ena kudzayenda wapansi mnjira za mmapiri kukajambula phirili likuoneka mmadzi a kanyanja ka Riffelsee, ena amangokwera sitima ya Gornergrat imene inatsegulidwa mu 1898 nkukatsikira pa mamita 3,089, kutanthauza kuti wakhala pampando koma wapitirira kale Sapitwa. Komatu zaka 170 zapitazo kunali kamudzi ka alimi osauka oweta nkhosa ndi ng'ombe. Ku Hinterdorf, mbali yakale ya tawuniyi, nyumba zawo zakale zamatabwa okuda zidakalipo, nkhokwe zawo anazikweza pa mizati nkuikapo miyala yathyathyathya yozungulira kuti mbewa zisakwere. Chimene chinasintha zonsezi ndi ngozi ya pa 14 July 1865, ndipo ine chimandiwawa nchakuti amene anasenza mlandu wake ndi munthu wamudzi momwemo.

Nthawi imeneyo Angerezi olemera anali ndi chizolowezi chobwera ku mapiri a Alps, kumene kuli Matterhorn, kudzapikisana kuti ndani ayambe kuponda pa nsonga iyi kapena iyo, ndipo alimi akomweko ndi amene ankawatsogolera, kuwanyamulira katundu, kuwasemera popondapo mmadzi oundana. Mapiri akuluakulu ambiri anali atakweredwa kale, Matterhorn ndi imene inatsala ikuopedwa. Edward Whymper, mnyamata wa ku London wojambula zithunzi za mmabuku, anayamba kulimbana nalo mu 1861 kudzera mbali ya Italy, maulendo ena ali ndi Jean-Antoine Carrel, wotsogolera alendo wa ku Valtournenche ku Italy, koma ankangobwerera panjira. Mu July 1865 anazindikira kuti Carrel wamuzemba, wanyamuka ndi gulu la anthu a ku Italy amene ankafuna kuti ulemu umenewu ukhale wa dziko lawo limene linali litangogwirizana kumene. Whymper mtima uli mmwamba anaoloka phiri kudzera pa Theodul kubwera ku Zermatt, ndiye gulu lake linapangidwa mothamanga choncho, anthu ena osadziwana nkomwe, anakumana pa hotela ya Monte Rosa ya Alexander Seiler.

Analipo 7. Whymper wazaka 25, Lord Francis Douglas wazaka 18, mbusa Charles Hudson amene mapiri ankawadziwa bwino, Douglas Hadow wazaka 19 amene anali asanazolowere malo ovuta ngati amenewa, kenako otsogolera atatu, Michel Croz wa ku Chamonix ndi Peter Taugwalder bambo ndi mwana wake Peter, a ku Zermatt konko. Ananyamuka pa 13, kugona mtenti, mawa lake cha mma 1:40 masana anali pa nsonga kudzera mzere wa Hörnli umene aliyense ankati ngosatheka koma unapezeka kuti ngophwekerapo. Atasuzumira kumunsi anaona gulu la Carrel likadali panjira, anagubuduza miyala kuti awaone, Carrel anabwerera, ndipo anadzafika pamwamba pa 17 July, patangopita masiku atatu.

Potsika ndi pamene zinavuta. Onse anamangana chingwe, Croz patsogolo akumugwira Hadow miyendo kumuikira popondapo, kenako Hadow anaterereka nkumugunda Croz, awiriwo anakoka Hudson, Hudson anakoka Douglas, ndipo chingwe cha pakati pa Douglas ndi Taugwalder wamkulu chinaduka. Anthu anayi anagwa mamita pafupifupi 1,200. Mitembo itatu inapezeka, wa Douglas mpaka lero sunaoneke.

Ndiye mlandu unayambira pamenepo. Chingwe chimene chinadukacho chinali chowonda kuposa zina zonse zimene anatenga, chongosungira, ndipo anthu anayamba kufunsa kuti bwanji mkuluyu anamanga chimenecho pakati pa iye ndi amene anafawo. Manyuzipepala ena anafika polemba kuti anachita kudula ndi mpeni kuti adzipulumutse. Boma la Valais linafufuza ndipo silinamupeze ndi mlandu, koma zimene anayankha sizinaulutsidwe kwa zaka zambiri, choncho mphekesera zinangopitirira. Whymper anali ndi cholembera, analembera nyuzipepala ya The Times, kenako buku lake la mu 1871 linagulidwa kwambiri, mmenemo anakana zoti chingwe chinadulidwa koma funso la chingwe chowonda lija analisiya lili poyera kuti owerenga aziganiza okha. Taugwalder analibe nyuzipepala yoti ayankhiremo, mbiri yake ngati wotsogolera alendo inaonongeka, anapitako ku America kwa kanthawi, nadzamwalira mu 1888 ku Schwarzsee, mmunsi mwa phiri lomwelo.

Ine ndikaiganiza nkhaniyi ndimaona kuti mkuluyu anamulakwira. Zinthu zinachitika mkuphethira kwa diso, munthu wakakamira pa thanthwe anthu anayi akumukoka, mpeni akanautulutsa nthawi yanji? Ndipo chikhala kuti chingwe chinali cholimba mwina onse 7 akanapita, Whymper yemweyo asanalembe ndi tsamba limodzi lomwe. Funso loyenera linali lakuti ndani analola mnyamata wosazolowera ngati Hadow kukwera phiri limene linali lisanakweredwepo, ndipo ameneyo sanali Taugwalder, anali mabwana aja okhaokha pogwirizana kuti apite onse limodzi.

Chodabwitsa nchakuti ngoziyi mmalo moopseza anthu inawakoka. Ku England kunali mkangano waukulu ngati kukwera mapiri kuli ndi nzeru, koma alendo anayamba kukhamukira ku Zermatt kudzaona phiri lopha anthu lija. Mu 1870 Angerezi anatsegula tchalitchi chawo cha St Peter's, mafupa a Hudson ali pansi pa guwa lake. Mu 1871 Lucy Walker anakhala mzimayi woyamba kufika pa nsonga. Sitima yochokera ku Visp inafika mu 1891, banja la Seiler linamanga mahotela ena, ndipo mu 1979 anamanga ngolo zoyenda pa waya zofika ku Klein Matterhorn, phiri lina lalitali mamita 3,883. Phirili lapha anthu opitirira 500 kuchokera nthawi imeneyo, ena manda awo ali kuseri kwa tchalitchi cha Katolika pakati pa tawuni, ndipo chidutswa cha chingwe chija chili mu Matterhorn Museum pafupi pomwepo, aliyense atha kukadzionera kuwonda kwake.

Pa 14 July 2015, patatha zaka 150, akuluakulu anatseka phirili tsiku lonse osalola aliyense kukwera, polemekeza onse amene anaferapo, ndipo chaka chimenecho anthu a ku Zermatt anayesetsa kuti mbali ya banja la Taugwalder imvekenso osati ya Whymper yokha. Peter wamng'ono uja ntchito sanaisiye, anapitiriza kutsogolera alendo pa Matterhorn maulendo opitirira 100 mpaka anthu anangomupatsa dzina loti Matterhorn Peter, ndipo anamwalira mu 1923.