Chimanga cha mapiko chasintha mwini kangati?

Mukalowa m'sitolo ya zipangizo za ulimi pa Kamwendo ku Mchinji mvula ikamayandikira, simulephera kuona paketi ya mbewu yojambulidwa chimanga chokhala ndi mapiko. Ife timangoti DK. Cha pambali pake pamakhala botolo la Roundup, mankhwala opha udzu aja. Tizilembo ta m'munsi tonena mwini wake sitiwerengedwa kawirikawiri, koma dzina limenelo lakhala likusintha.

Kale mbewu ya haibulidi inkachokera ku National Seed Company of Malawi, momwe ADMARC inali ndi gawo. Kenaka kampaniyo inagwa m'manja mwa Cargill ya ku America, ndipo mu 1998 Monsanto, kampani inanso ya ku America, itagula bizinesi ya mbewu ya Cargill ya m'maiko akunja, inatengera kumodzi ndi ya kuno. Chaka chomwecho inamaliza kugula DEKALB, mwini chimanga cha mapikocho. Roundup yekha ndiye anali wobadwira m'nyumba ya Monsanto, kuyambira 1974.

Womeza anzake uja naye anadzamezedwa. Mu June 2018 Bayer ya ku Leverkusen, ku Germany, inagula Monsanto pa madola pafupifupi 63 biliyoni, n'kufufuta dzinalo. Koma kufufuta dzina sikufufuta milandu. Patangopita miyezi iwiri, khoti la ku San Francisco linagamula kuti Dewayne Johnson, amene ankapopera Roundup pa mabwalo a sukulu n'kudwala khansa, apatsidwe madola 289 miliyoni. Ndalamazo zinadzatsitsidwa pambuyo pake, koma anthu zikwizikwi anali atathamangira kale kukhoti. Mu 2020 Bayer inavomera kupereka madola oposa 10 biliyoni kuti milandu yambiri ithe, ikunenetsabe kuti glyphosate wa mu Roundup sayambitsa khansa.

Mu November 2018 kampaniyi inali italengeza kale kuti ichotsa antchito 12,000, pafupifupi mmodzi pa khumi aliwonse. Makampani awiri akaphatikizana, owerengera ndalama awiri pa desiki imodzi safunika. Wina amapita kwawo. Nthambi ya mankhwala a ziweto inagulitsidwa kwa Elanco. Bill Anderson atatenga utsogoleri wa Bayer mu 2023, nkhwangwa inalunjika kwa mabwana a pakati, ndipo enanso zikwi zingapo anatsanzika.

Chimandichititsa chidwi ine n'chakuti botolo lomwelo la Roundup linayamba kalekale kuchotsa anthu ntchito kuno ku Mchinji, popanda kalata kapena chipukutamisozi. Munda womwe unkafuna aganyu angapo kuti alimbane ndi udzu, lero mnyamata mmodzi wabereka sipuleya kumsana, wavala magambutsi, mphuno wamanga ndi kansalu, dzuwa lisanafike pamutu wamaliza. Mwini munda amasangalala, ndipo sindimuda: ganyu yakwera mtengo. Koma mayi amene ankadalira ndowa ya chimanga ya ganyu mu January amafika pa mundawo, khasu paphewa, n'kupeza udzu wafota kale.