Mphunzitsi akati "sindikudziwa" sikuti ntchito yamukanika

Kwa zaka zambiri takhala tikukhulupirira kuti mphunzitsi weniweni savomera kuti china chake chamuvuta. N'chifukwa chake pamaphunziro a aphunzitsi ku TDC (malo amene aphunzitsi a m'dera limodzi amakumana kuti awonjezere luso) ambiri amangogwedeza mutu, kenaka n'kubwerera m'kalasi momwe mwana amene makutu ake samva wakhala kumbuyo, akukopera zapabolodi osatolapo kanthu.

Zoona zake n'zakuti aphunzitsi ambiri a m'makalasi wamba sanaphunzirepo Braille (zilembo zimene osaona amawerenga ndi zala) kapena chinenero chamanja. Luso limeneli limaphunzitsidwa makamaka ku koleji ya Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndipo otuluka kumeneko sangakwanire sukulu iliyonse. Ndondomeko ya boma ya 2017 mpaka 2021 yoti ana onse aziphunzira limodzi inatsegula zitseko, inde, koma sinasandutse mphunzitsi aliyense katswiri.

Ndiye kusadziwako si chinthu chochititsa manyazi. Chimene chimatseka anthu pakamwa ndi mantha: ukaulula lero kuti mwana wina akukuvuta, mawa nkhani yafika kwa a PEA (mlangizi woyendera sukulu za pulayimale m'dera), kapena anzako akukuseka mu ofesi. Mphunzitsi wamkulu akayamba yekha kunena zimene zinamukanikapo, n'kusiyanitsa tsiku lothandizana ndi tsiku loyendera ntchito, mafunso enieni amatuluka: mwana wosaona bwinoyu ndimukhazike pati, nanga pabolodi ndizilemba zilembo zazikulu motani?