Madamu athu sanalodzedwe, akukwiririka

Chaka chilichonse dzuwa la Okutobala likaswa mtengo ndimamva mawu omwewo ku Angónia ndi ku Tsangano: "Damu lathu lauma msanga, alipo walichita chipongwe." Ndatopa nawo mawu amenewa. Ntchito yanga ndi yoyeza matope a pansi pa madzi, ndipo matope amanena poyera chimene chachitika.

Madzi othamanga amanyamula dothi, akafika podekha amalitula. Mchenga umatsala pothira mtsinje, dongo limakakhazikika pakati. Dzinja lililonse limasiya muyalo wake, ndipo m'menemo mumatsekeredwa mungu wa zomera, phulusa la moto wolusa ndi tizigoba ta ndere.

Pa Nyanja ya Niassa, imene anzathu kutsidyaku amati Nyanja ya Malawi, mbiriyi ndi yosungika bwino zedi, chifukwa pansi penipeni mulibe mpweya wopuma, ndiye kulibe nsomba kapena nyongolotsi zotakasa matope. M'malo ena miyalo imakhala iwiriiwiri, woderapo wa dothi la m'dzinja ndi wotuwa wa ndere zimene zimachuluka mwera ukavundula madzi. Mu 2005 akatswiri anaboola pansi pa nyanjayi ndi kutulutsa matope a mamita oposa 300. Anapeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoti madzi anatsika mamita oposa 500. Anapezamonso phulusa la phiri la Toba ku Indonesia, limene linaphulika zaka pafupifupi 74,000 zapitazo. Damu la Cahora Bassa ndi latsopano pa zimenezi, linayamba kusunga matope mu 1974, ambiri obwera ndi mtsinje wa Luangwa cha ku Zumbo, poti a kumtunda kwa Zambezi amatsakamira ku damu la Kariba.

Tsono wina akamva za zilalazo amati, "Mwaona, nyengo imasintha yokha, ife tilibe mlandu." Ayi ndithu. Matope omwewo ndi amene amatithandiza kusiyanitsa chilala ndi nkhwangwa.

Damu lina la m'mudzi ku Angónia limandiwawabe mtima. Tinakhoma paipi pakati pake, n'kuizula, n'kuing'amba. Kumunsi kunali timiyalo takuda topyapyala, tonunkha dambo. Kumtunda kunali katondo wofiira, muyalo umodzi wokhuthala ngati chikhatho, wodzaza tizidutswa ta makala, pena mchenga wokhakhala wa mvula ya usiku umodzi. Ndinawaonetsa amfumu ndi a komiti, ndinati: "Gogo Chalo, ili ndi dothi la minda ya kuphiriko, kumene kwadulidwa mitengo ya makala." Anagwedeza mutu mwaulemu. Koma ndalama anali atasonkha kale, ndipo anazipereka kwa munthu amene analonjeza kuitana madzi. Iyeyo anakumba dzenje pa khoma lenileni la damu kuti akwirire mankhwala ake. Dzinja lotsatira khomalo linayamba kudontha pomwepo, ndipo madimba a mbatatesi ndi kabichi a kumunsi anauma amayi asanakolole.

Chonde, aliyense wofuna kukumba pa khoma la damu, kaya wanyamula nsupa kaya makina amene sakutha kuwafotokoza, m'kanizeni. Ndipo musamati tidzaona chaka chamawa. Amene anaona mtsinje wa Revúbuè utafiira n'kugumula mlatho mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe Ana, akudziwa dothi limene mtsinje unganyamule pa masiku awiri. Damu likakwiririka theka, kulikumba ndi makasu ndi mawilibala n'kosatheka, ndipo ndalama za thalakitala mudzi sungazipeze.

Tengani nsungwi yaitali, muziizika malo amodzimodzi chaka ndi chaka madzi akaphwa, n'kulemba chizindikiro pamene matope afika. Akamakwera msanga, pitani kwa alangizi mvula isanagwe, mukatseke zigwembe za kumtunda ndi kubzala vetiva m'milambala.